Buku lachiwiri landiswa mtima: kodi ndigule lachitatu?

Funso:

"Ine ndine mayi wa zaka 29, ndimagwira ntchito ya unamwino. Chaka chatha mnzanga anandibwereka buku lachingerezi la nkhani yopeka, ya chikondi ndi matsenga. Munali mtsikana woumba mbiya amene anali ndi mphamvu yoitana mvula, ndi kalonga, mwana wachiwiri wa mfumu ya dziko lawo. Anakondana movutikira, ndipo buku linatha atalonjezana. Ndinalikonda moti nditamva kuti kuli lachiwiri ndinatumiza ndalama kwa msuweni wanga ku Johannesburg kuti andigulire. Koma zomwe ndapezamo! Mkulu wake wa kalonga uja wafa, iye walowa ufumu, ndipo wavomera mwachinsinsi kukwatira mwana wa mfumu ya dziko loyandikana nalo pofuna kupewa nkhondo. Mtsikana uja wathawira kumapiri, komwe wakumana ndi mwamuna wina amene ine sindikumufuna n'komwe. Theka la buku ndi misonkhano ya nduna. M'buku loyamba akaitana mvula ankagona masiku atatu ali lefu, koma muno wamiza gulu lonse lankhondo pa tsamba limodzi osatopa. Ndipo buku latha iye atagwidwa, ukwati wa mfumu uli mawa lake. Ndinalira usiku wonse. Mng'ono wanga akuti ndapenga, kulirira anthu omwe kulibe. Mwina n'chifukwa chakuti nanenso chibwenzi changa chinatha mofananako, abale ake atamupezera mkazi wina. Kodi vuto ndi ine kapena ndi buku? Nanga lachitatu ndigule?"

Yankho:

Achemwali, simunapenge. Anthu akhala akulirira ndi kukwiyira anthu a m'mabuku kuyambira kalekale. Mu Disembala 1893 Arthur Conan Doyle, atatopa ndi kulemba za Sherlock Holmes, katswiri wake wofufuza milandu, adamugwetsera m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland kuti nkhani ithere pomwepo. Owerenga adapsa mtima, makalata odandaula adachuluka, ndipo mu 1903 mlembiyo adamuukitsa n'kunena kuti sadafe ayi. Akatswiri a za kaganizidwe ka anthu nawonso adaiona kale nkhaniyi. Mu 1956 Donald Horton ndi Richard Wohl adalemba za ubale umene munthu amakhala nawo ndi anthu a pa wailesi ndi pa kanema omwe samudziwa iye n'komwe, koma iye amawamva ngati anzake enieni. Ndi mmenenso zimakhalira ndi buku. Mwakhala ndi mtsikana woumba mbiyayo maola ambiri, mukumva zimene akuganiza, zimene ngakhale mnzanu wapamtima sakuuzani. Mtima sufunsa chiphaso chobadwira usanayambe kukonda munthu.

Tsono pa funso loti vuto ndi inu kapena buku, ine ndaona madandaulo asanu m'kalata yanu, ndipo si ofanana kulemera. Ena ndi chikhalidwe cha buku lachiwiri lililonse, moti ngakhale mlembi waluso sangawathawe. Limodzi lokha ndi limene ndinganene mosaopa kuti mlembi wanu waphonya. Kuwasiyanitsa n'kumene kudzakuuzeni ngati ndalama zanu ziyenera kupitanso ku Johannesburg.

Buku loyamba la nkhani zotere limakhala ndi funso limodzi lokoma: kodi awiriwa adzakondana? Tsamba lililonse limakukokerani ku yankho, ndipo yankho likafika mumatseka buku mutakhuta. Vuto la mlembi limayambira pomwepo. Ambiri mwa mabukuwa amagulitsidwa kwa osindikiza ali atatu kapena kuposerapo, ndiye funso lija layankhidwa koma pali mabuku awiri oti alembedwe. Anthu awiri okondana amene palibe chowasokoneza ndi dalitso m'moyo, koma pa pepala ndi tulo. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza zolemba za ena ndi kuphunzitsa za mabuku, ndaona kuti alembi amathamangira ku zida zitatu: kuwalekanitsa, kuika chinsinsi pakati pawo, kapena kulowetsa munthu wachitatu. Wanuyu wagwiritsa ntchito zonse zitatu nthawi imodzi, n'chifukwa chake mukumva ngati mwamenyedwa mbali zonse.

Onjezanipo kuti buku lapakati lilibe chiyambi chake, lilibenso mapeto ake. Lili ngati mwezi wa Januwale kumunda: chisangalalo cha kudzala chidapita, zokolola zili kutali, chatsala ndi kupalira ndi kubandira msana ukupweteka. Kuthera m'malere kumene kwakupwetekaniko si kwachilendo. J. R. R. Tolkien adalemba The Lord of the Rings ngati buku limodzi, koma osindikiza adaligawa patatu chifukwa cha kukwera kwa mtengo wosindikizira. Gawo lachiwiri lidatuluka mu Novembala 1954 n'kuthera pomwe mpangankhani wamkulu watengedwa ndi adani ali moyo, ndipo owerenga adadikira mpaka Okutobala 1955 kuti adziwe zotsatira. Kusiyana n'kwakuti alembi a masiku ano amachita dala, podziwa kuti munthu wosiyidwa m'malere amagula buku lotsatira. Ndi malonda, ndipo sindikuona cholakwa kuti inu muziwaona choncho.

Tiyeni tikhalitse pa kalonga uja, poti ndi pamene pali mtima wanu. Maufumu a m'mabukuwa, ngakhale ali opeka, amaumbidwa potengera maufumu a ku Ulaya. Kumeneko mpando unkapita kwa mwana wamwamuna woyamba wa mfumu, wobadwa mwa mkazi mmodzi yekha wa ukwati wovomerezeka ndi mpingo. Choncho mkazi wa mfumu ndiye ankabala mfumu yotsatira, ndipo ukwati wake unali pangano la mayiko. Marie Antoinette adachoka ku Austria mu 1770 ali ndi zaka 14 kukakwatiwa ndi mnyamata amene adadzakhala Louis XVI wa ku France, osati chifukwa chokondana koma pofuna kulimbitsa mgwirizano wa mayiko awiriwo. Mwana wachiwiri wa mfumu, ngati kalonga wanuyu m'buku loyamba, ankakhala ndi kampata kochita zofuna zake. Mkulu wake akafa, kampatako kankatsekeka tsiku lomwelo.

Ife nkhani yotere imatidabwitsa pang'ono chifukwa kwathu ufumu suyenda choncho paliponse. Pakati pa Achewa wolowa ufumu amachokera ku mbumba, kawirikawiri mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndiye mkazi amene mfumu yakwatira sabala wolowa m'malo. Kumene ufumu umatsata bambo, monga kwa Angoni, kale mitala inkamasula mfundo yotereyi: mkazi wa pangano akhale ndi nyumba yake, wa pamtima akhalenso ndi yake. Mukanapatsa agogo anu buku lanulo, mwina akanafunsa kuti bwanji osangowakwatira onse awiri. Nkhani yonseyo yaima pa lamulo la mkazi mmodzi ndi la mwana wolowa ufumu, ndipo mukachotsa malamulo awiriwo buku limatha pa mutu wachitatu.

Koma musaganize kuti kulimbana kwa chikondi ndi mpando n'kopeka chabe. Edward VIII wa ku Britain adatula pansi ufumu mu Disembala 1936 kuti akwatire Wallis Simpson, mayi wa ku America amene adasudzulana ndi amuna ake. Pafupi ndi kwathu kuno, Seretse Khama, wolowa ufumu wa mtundu wa Bangwato m'dziko limene lero ndi Botswana, adakwatira Ruth Williams, mzungu wa ku England, ku London mu 1948. Tshekedi Khama, m'bale wa bambo ake amene ankamusungira mpando, adakana. Abangwato atakambirana ku likulu lawo la Serowe adamuvomera Seretse mu 1949, koma boma la Britain, poopa kukhumudwitsa South Africa, lidamuletsa kukhala m'dziko lake. Adabwerera mu 1956 atavomera kusiya ufumu, ndipo mu 1966 adakhala pulezidenti woyamba wa Botswana, Ruth ali pambali pake. Edward ndi Seretse onse adasankha mkazi ndipo adalipira ndi mpando. Kalonga wanu wasankha mpando, kapena tinene kuti wasankha miyoyo ya anthu amene akanafera ku nkhondo, ndipo walipira ndi mkazi. Buku loyamba linkafunsa ngati adzakondane. Lachiwiri likufunsa kuti chikondicho chigulidwa ndi chiyani, ndipo adzalipira ndani. Funso lachiwirili n'lowawa, koma kunena zoona ndi lolemera kuposa loyamba lija.

Pali njira yodziwira ngati mlembi wakuchitirani chilungamo pa munthu ameneyu. Bwerekaninso buku loyamba, muliwerenge mukuyang'ana kalonga yekha. Kodi pali pamene anabisa kanthu ponena kuti akuteteza wina? Kodi pamaso pa bambo ake ankalimba kapena ankagonja? Kodi ankalankhula za udindo wake kwa anthu a dziko lake, inu n'kumadumpha mizereyo pothamangira pomwe akumane ndi mtsikana? Mukazipeza, ndiye kuti mbewu inadzalidwa kale, inu simunaione chifukwa munkamuona ndi maso a mtsikana wokonda. Kupweteka kotereko ndi umboni wa luso la mlembi. Koma mukapeza kuti m'buku loyamba anali munthu wosabisa kanthu, wosaopa aliyense, ndiye m'lachiwiri wangosanduka wabodza popanda chomusintha, pamenepo mlembi wapotoza munthu kuti nkhani italike. Zolemba zotere zikafika pa tebulo langa ndimazibweza.

Ndipo onani bwino chimene chakukwiyitsani. Ine ndikuganiza kuti si ukwatiwo ayi, koma kubisako. Akanabwera kwa mtsikanayo n'kunena kuti zinthu zavuta motere, tichite bwanji, mukanalirabe koma simukanamunyoza. Anamulanda mwayi wosankha. Buku lachitatu labwino liyenera kumulipiritsa pa chimenechi, ndipo kulipirako kutenge nthawi. Loipa lidzamukhululukira pa masamba awiri atangonena kuti ndinkafuna kukuteteza. Mawu amenewo ndawawerenga kambirimbiri ndipo sanandikhutiritsepo.

Za misonkhano ya nduna sindichedwapo. Buku lachiwiri limakulitsa dziko, limabweretsa mayiko ena, mabanja ena, ndi mapangano amene adzaphulike m'lachitatu. Mlembi waluso amabisa zimenezi m'zochitika, waulesi amakhazika anthu pa tebulo kuti azifotokozerana. Kudumpha masamba otere si tchimo.

Pa matsenga ndi pamene ndikugwirizana nanu kwathunthu. M'buku loyamba mlembi anapangana nanu kuti mvula ili ndi mtengo wake, masiku atatu ali chigonere. Chifukwa cha mtengowo, nthawi iliyonse mtsikanayo akakweza manja kumwamba inu munkachita mantha, podziwa kuti akagwa adani angamupeze ali wopanda mphamvu. Kumiza gulu lankhondo popanda kutopa ndi kuswa panganolo. Brandon Sanderson, mlembi wa ku America wa nkhani za matsenga, adalemba mu 2007 mfundo yoti mlembi angathetse vuto ndi matsenga mokhutiritsa molingana ndi mmene wowerenga akumvetsera matsengawo. Agogo athu ankadziwa zimenezi asanamve za iye. M'nthano zathu, wopatsidwa mphamvu amapatsidwanso choletsa: usacheuke, usatsegule, usauze munthu. Akaswa, zonse zimathawa. Nthano imene kalulu akanangouluka nthawi iliyonse akapanikizika, ana sakanayankha n'komwe kuti tili tonse. Mphamvu yopanda malire imapha mantha, ndipo popanda mantha wowerenga alibe chomugwira.

Chenjezo langa ndi limodzi. Alembi ena amabisa mtengowo kuti udzaonekere mtsogolo. Bwererani ku mitu yotsatira nkhondo ija muone ngati pali kanthu kachilendo: mwina mtsikanayo waiwala dzina la munthu, mwina kwinakwake zitsime zauma, mwina kugwidwa kwake kumapeto kwachitika chifukwa mphamvu inamuthera. Mukapeza kachizindikiro ngakhale kamodzi, mlembi akudziwa chimene akuchita. Mukapanda kupeza, yembekezerani kuti m'buku lachitatu adzachitanso chimodzimodzi pa nkhondo yomaliza, pamene m'pomwe zimapweteka kwambiri.

Nanga mwamuna wa kumapiri uja? Nthawi zambiri munthu wotere amabwera kuti mtsikana aone moyo umene angakhale nawo kunja kwa nyumba yachifumu, ndi kuti mfumu idziwe kuti ikhoza kumutayadi. Koma ndikuuzeni zoona, m'nkhani za mtundu umenewu si zachilendo kuti mwamuna wa buku loyamba asiyidwe, mtsikana n'kutha ndi wachiwiri. Bungwe la alembi a nkhani za chikondi ku America, la Romance Writers of America, limati nkhani ya chikondi iyenera kukhala ndi chikondi pakati pake ndi mapeto okhutiritsa komanso opatsa chiyembekezo. Lonjezo limeneli ndi la mapeto a mabuku onse, ndipo silitchula kuti ndi mwamuna uti. Zizindikiro zake n'zosavuta kuona. Ngati mwamuna watsopanoyo wapatsidwa mitu yakeyake yofotokoza maganizo ake, ngati mbiri ya ubwana wake yafotokozedwa mwachifundo, ndipo mfumu ikuipitsidwa mutu ndi mutu popanda kutionetsa kuvutika kwake, konzekerani mtima. Ngati mfumu ikuonekabe ikuvutika, ikulota mtsikanayo, ikufunafuna njira yothawira panganolo, ndiye kuti wa kumapiriyo ndi mlendo wodutsa.

Tsopano za kugula. Choyamba fufuzani ngati lachitatu latuluka kale, ndiponso ngati ndi lomaliza. Pali nkhani zimene zinalengezedwa kuti zidzakhala mabuku atatu n'kufika asanu kapena kuposa, ndipo munthu amene walira usiku wonse chifukwa chosiyidwa m'malere ayenera kudziwa ngati akukasiyidwanso. Pa Goodreads, tsamba la pa intaneti limene owerenga amalembapo ndemanga za mabuku, werengani ndemanga za anthu amene apereka nyenyezi zitatu. A nyenyezi zisanu amangofuula, a imodzi amangotukwana, koma a zitatu amanena chabwino ndi choipa. Ngati chimene mukufuna n'kungodziwa kuti atha ndi ndani, funsani amene anawerenga akuuzeni. Ena amati kudziwiratu mapeto kumaononga buku, koma ine ndaona owerenga ambiri amene amasangalala kwambiri akadziwa kumene akupita, chifukwa amasiya kuthamanga n'kuyamba kuona njira.

Buku lochokera kunja ndi lodula, ndipo palibe chifukwa choti mulisenze nokha. Mnzanu amene anakubwerekani loyamba uja, inu mwagula lachiwiri, bwanji lachitatu musonkherane kapena mupeze wachitatu? Ngati muli ndi pulogalamu ya Kindle pa foni, mabuku ambiri amalola kuwerenga masamba oyambirira kwaulere, ndipo masamba amenewo amakwanira kuona ngati mlembi wakumbukira mtengo wa mvula. Funsaninso ku nthambi ya National Library Service imene muli nayo pafupi ndi kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni, ngakhale mabuku atsopano a mtunduwu amachedwa kufika. Ma PDF oyendayenda pa WhatsApp ndi Telegram sindikulimbikitsani. Ena amasowa mitu, ena amabwera ndi zoononga foni, ndipo kugawa buku la mwini popanda chilolezo n'kosemphana ndi lamulo la umwini wa zolemba la 2016. Kanthu kena kakang'ono: nkhani zambiri zotere zimayamba mofatsa koma mabuku otsatira amafotokoza za kuchipinda mosabisa, ndiye ngati mng'ono wanu kapena ana a pakhomo ali achichepere, liwerengeni kaye inu musanalisiye poyera.

Maganizo anga ndi awa. Amene wakwiyira mfumu agule, chifukwa akadali m'kati mwa nkhani. Amene wakwiyira mlembi, kapena amene wangotopa, asiye, ndipo asadzimve kuti ali ndi ngongole yomaliza chifukwa choti anayamba. Kalata yanu yadzaza ndi mfumu, mlembi mwangomukhudza pa nkhani ya mvula. Ine ndikanakhala inu ndikanaliwerenga, koma patapita mwezi umodzi kapena iwiri, nditawerengako buku lina lothera palokha, ndipo ndikanayesetsa kubwereka kusiyana ndi kugula.

Chifukwa chodikira chili m'chiganizo chimene mwachiika chakumapeto ngati chosafunika, cha chibwenzi chanu. Ndikuganiza kuti misozi yambiri ya usiku uja inali ya nkhani imeneyo. Zimachitika kuti munthu amalimba mtima pa nthawi ya vuto lenileni, amapita ku ntchito, amaseka ndi anzake, ndiye patapita miyezi buku kapena nyimbo imatsegula chimene chinatsekeredwa. Pamenepo buku lakuthandizani, ndipo usiku umodzi wolira si matenda. Choopsa n'kuyembekezera kuti buku lachitatu likonze zimene zinakuchitikirani. Mfumu ikakana ukwati pa guwa n'kuthamangira mtsikana wake, mudzasangalala ola limodzi kenako mudzafunsa kuti nanga wanga uja analephera bwanji. Ikapanda kutero, mudzamva ngati mwakanidwa kachiwiri. Choopsa china n'kuyamba kuyeza amuna enieni ndi kalonga wa buku loyamba, munthu amene mawu ake onse anasankhidwa ndi mlembi ndi mkonzi kwa miyezi yambiri kuti akugwireni mtima. Palibe mwamuna wa moyo amene angapambane mpikisano umenewo.

Nkhani ya chibwenzicho ikambeni ndi munthu, kaya azakhali anu, mnzanu wodalirika, kaya mlangizi wa kumpingo kapena kumzikiti, ndipo muikambe yokha osaibisa kumbuyo kwa buku. Inu monga namwino zizindikiro mukuzidziwa, koma anthu a chipatala ndi amene amachedwa kwambiri kudzipezera thandizo, ndiye ndizitchulabe. Ngati chisoni chapitirira masabata awiri tsiku ndi tsiku, tulo sitikubwera kapena mukugona mopitirira muyeso, chakudya sichikulowa, zimene munkazikonda sizikukomaninso, kapena mwayamba kuiwala zinthu pa ntchito pomwe kulakwitsa mlingo wa mankhwala kungavulaze wodwala, kaonaneni ndi ogwira ntchito za thanzi la maganizo. Amapezeka m'zipatala za boma za m'maboma, ndipo a St John of God ali ndi chithandizo chotere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ngati simukufuna kuonedwa ndi anzanu a pa ntchito. Maganizo ofuna kudzivulaza kapena oti kuli bwino kufa akangobwera, musadikire masabata awiriwo, uzani munthu ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo.